Ndeke zikuluzikulu zauka kwa akufa: nanga ife a ku Migodi tipezapo ciani?

Mu caka ca 2020, pamene matenda a Covid-19 anatseketsa malire a maiko, akatswiri a za maulendo a m'mlengalenga analengeza maliro a ndeke zikuluzikulu. Zimphona za mtundu wa Airbus A380, zija zokhala ndi malo a pansi ndi a pamwamba ngati nyumba yosanja, zinatengedwa kukaimikidwa ku malo ouma monga ku Teruel m'dziko la Spain, ku California ndi ku Alice Springs ku Australia, mainjini ataphimbidwa kuti pasalowe mcenga. Kampani ya Air France inatsanzikana nazo caka comweco. Ngakhale matendawa asanabwere, a Airbus anali atanena kale mu February 2019 kuti aleka kuzipanga cifukwa ogula anasowa. Yomaliza inaperekedwa kwa a Emirates mu December 2021, ndipo zonse pamodzi zinakwana 251 cabe. Nayo Boeing 747, imene inalamulira mlengalenga kwa zaka zoposa 50, inatha kupangidwa, ndipo yomaliza inaperekedwa mu January 2023.

Koma maliro aja anafulumira. A Qatar Airways anatulutsanso ma A380 ao kumapeto kwa 2021. A British Airways, Singapore Airlines ndi Qantas anacita cimodzimodzi. A Lufthansa ndi a Etihad, amene anthu anayesa kuti ataya zao kotheratu, anaziutsanso mu 2023. A Emirates, amene anagula 123 mwa zija 251, akuononga madola mabiliyoni kusintha mipando ndi kukonzanso mkati mwa ndeke zao, ndipo mkulu wao, a Tim Clark, akhala akucondelera a Airbus kuti apange A380 yatsopano.

Ife kuno ku Migodi nkhaniyi itikhudza cifukwa ca cinthu cimodzi cimene tonse timaciona tikamayenda pa mseu wa Ndola ndi Kitwe: bwalo latsopano la ndeke la Simon Mwansa Kapwepwe. Nkhani zotere zikamveka pa wailesi, m'maminibasi ndi m'mabala mumabukanso funso lakale: kodi zimphonazi zidzatera liti kwathu kuno? Yankho lathu ndi lakuti si posacedwa iai, ndiponso kuti si cinthu coyenera kutisowetsa tulo. Pali zina zimene tiyenera kulirira pa bwalo limeneli. Koma tiyeni tiyambe taona cimene cautsa akufawa.

Coyamba, matenda atacepa anthu anabwerera m'ndeke mwa unyinji umene makampani sanayembekezere, pamene ndeke zatsopano zimene anaitanitsa sizinafike. Boeing 777X, imene inayenera kuyamba kunyamula anthu mu 2020, yakhala icedwa caka ndi caka, ndipo mu October 2025 a Boeing ananena kuti yoyamba idzaperekedwa mu 2027. Munthu amene nsapato zatsopano zacedwa kubwera amapukuta zakale. Caciwiri ndi kucepa kwa malo pa mabwalo ochuka. Bwalo la Heathrow ku London liri ndi miseu iwiri cabe yothamangapo ndeke, ndipo mpata uliwonse wotera ndi wonyamuka uli ndi mwini wake. Mu 2016 a Oman Air analipira madola 75 miliyoni kugula mpata umodzi wotera ndi umodzi wonyamuka pa tsiku. Ngati mpata wadula motero, wanzeru amabweretsa ndeke yonyamula anthu 500, osati 200.

Cacitatu, cimene ndiye mutu weniweni wa nkhaniyi, ndi mipando ya kutsogolo, ija ya apamwamba, imene amaichula kuti first class ndi business class. Kale m'menemu munkakhala akuluakulu a makampani ndi nduna za boma, anthu amene tikiti salipira okha. Tsopano mwalowanso anthu olemera opita kukapumula, olipira za m'thumba mwao. Bungwe la makampani a ndeke la IATA linapeza kuti mu 2024 anthu 6 cabe mwa 100 aliwonse oyenda maulendo a pakati pa maiko ndiwo anakhala m'mipando imeneyi. Ndi ocepa, koma ndalama zao n'zimene makampani akulimbirana.

Zimene akuwakonzera munthu wamba sangakhulupirire. Mu A380 ya Emirates muli tizipinda 14 ta first class tokhala ndi zitseko zake, mabafa awiri osambiramo madzi otentha ndeke iri m'mitambo, ndi bala kumbuyo kwa malo a pamwamba. A Etihad mu 2014 anafika poika nyumba yathunthu ya zipinda zitatu, pabalaza, cogona ndi bafa, imene anaicha The Residence. A Qatar anabweretsa Qsuite mu 2017, mmene mipando iwiri imasanduka bedi la anthu awiri. A Lufthansa ndi Air France naonso atulutsa zipinda zao zatsopano m'zaka za 2024 ndi 2025. Ife amene madzi a pa mpopi amatipeza pakati pa usiku ku Chimwemwe ndi ku Chifubu, nkhani yosamba mumlengalenga tingoimva ngati nthano.

Masamu ake ndi osabvuta. Mpando umodzi wogonapo umadya malo a mipando itatu kapena kuposa ya anthu wamba, koma tikiti yake kawirikawiri imadula katatu kapena kanayi, ndipo ya first class imapitirira pamenepo. Kutsogolo kukadzaza, ulendo walipirika. Kuti tizipinda tonseti tikwane, ndi kutsalanso malo a anthu mazana atatu kumbuyo, pafunika ndeke yaikuru. Ndiye cifukwa cake maoda akuru a zaka zino ali pa zimphona za mainjini awiri, Boeing 777-9 ndi Airbus A350-1000, zimene zimamwa mafuta ocepa kuposa zija za mainjini anai. A Emirates anaitanitsa ma 777X ena 90 mu November 2023 ndi enanso 65 mu November 2025. Dziwani kuti palibe amene wayambanso kupanga A380. Zimene zikuuluka ndi zakale zomwe zija, zongopakidwa utoto ndi kuikidwa mipando yatsopano.

Zonsezi zimadalira cinthu cimodzi: mzinda umene ndeke zambirimbiri zimakumana ndi kusinthana anthu, monga Dubai, Doha, London ndi Singapore. Cimphona sicidzazidwa ndi anthu a mzinda umodzi. Cimadzazidwa ndi timitsinje tambiri tothira m'nyanja imodzi, ndipo Ndola ndi kamodzi ka timitsinje timeneto.

Akuluakulu amene anagwira nchito m'migodi m'masiku a ZCCM adzanena kuti: "Koma ife tinali nayo yathu." N'zoona. Mu 1984 Zambia Airways inalandira DC-10 yatsopano, ya mainjini atatu, imene inachedwa Nkwazi. Inali kupita ku London ndi mizinda ina ya ku Ulaya, ndipo kuyambira mu 1988 inafika mpaka ku New York kudzera ku Monrovia. Amene anaiona itaima pa bwalo la ku London, itabvala mitundu ya dziko lathu, amaikamba mpaka lero ndi misozi m'maso, ndipo sitiwaseka. Dziko laling'ono linali kuoneka pakati pa akuluakulu.

Koma cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Nkwazi inabwera pamene mtengo wa mkuwa unali utagwa kale kuyambira mu 1975, dziko liri m'nkhongole ndipo anthu ali pa mizere ya unga ndi sopo. Kampaniyo inali ndi ndeke zocepa, anchito ambiri, ndi maulendo atali amene sanali kubweza ndalama. Ndeke yaikuru ikakhala imodzi yokha, tsiku limene yadwala maulendo onse adwala. Mu December 1994 boma la a Chiluba linatseka Zambia Airways, ndipo oyendetsa ndeke ndi amakanika athu, ophunzitsidwa ndi ndalama za dziko lino, anamwazikana kukagwirira nchito makampani a maiko ena. Zimene zinabwera pambuyo sizinakhalitse: Zambian Airways, imene mizu yake inali mu kampani ya ndeke ya migodi, inaima mu January 2009, ndipo Zambezi Airlines inatsatira patapita zaka zocepa. Nao alendo amabwera ndi kupita monga mwa phindu lao. A British Airways analeka kubwera ku Lusaka mu 2013, a KLM mu 2014.

Tsopano tiri ndi bwalo. Linatsegulidwa ndi a Edgar Lungu mu August 2021, masiku ocepa cisankho cisanacitike, ndipo ndeke zinayamba kuteramo mu October caka comweco. Linamangidwa ndi kampani ya AVIC International pa mtengo wa madola 397 miliyoni, ndalama zambiri mwa izi zikhala nkhongole yocokera ku China. Liri ndi mseu wa ndeke wotalika makilomita atatu ndi theka, ndipo nyumba yake inamangidwa kuti izilandira anthu 1 miliyoni pa caka. Liri pafupi ndi malo amene ndeke ya a Dag Hammarskjöld inagwera mu September 1961. Bwalo lakale la m'tauni, lija la zinyumba za malata zozungulira zimene alendo anali kudabwa nazo, linaperekedwa kwa asilikali a m'mlengalenga ndipo tsopano ndi Peter Zuze Air Force Base.

Palibe angakane kuti bwalo lakale linali locititsa manyazi ndipo latsopanoli ndi lokongola. Komanso tisaiwale kuti mu November 2020, bwaloli likali kumangidwa, Zambia inalephera kulipira ciwongoladzanja ca madola 42.5 miliyoni pa nkhongole ya Eurobond, ndipo panapita zaka zoposa zitatu tikali kukambirana ndi amene tinawakongola. Pa nthawi imodzimodziyo ku Lusaka kunali kumangidwanso nyumba yatsopano ya bwalo la Kenneth Kaunda ya madola 360 miliyoni. Nkhongole zimenezi adzabweza ndi onse, ngakhale mai wogulitsa tomato pa Masala amene sanapondepo m'ndeke.

Mseu wa makilomita atatu ndi theka ndi wokwanira ndeke zikuluzikulu zambiri. Bvuto si konkire, ndi anthu. Tiyeni tiwerengere pamodzi. A380 imodzi ya mipando 500, yotera ndi kunyamuka kamodzi pa tsiku, ifuna anthu 1,000 tsiku lirilonse, kutanthauza 365,000 pa caka. Cimeneco ndi cigawo coposa cimodzi mwa zitatu ca anthu onse amene bwalo lathu linamangidwira, ndipo onsewo akhale opita kapena ocokera ku mzinda umodzi wokha. Cigawo conse ca Migodi, malinga ndi kalembera wa 2022, ciri ndi anthu pafupifupi 2.8 miliyoni, ndipo ambiri a ife ulendo wautali umene tidziwa ndi wa basi ya Power Tools. Ngakhale Lusaka, likulu la dziko, salidzaza lokha ndeke yaikuru: a Emirates atayamba kubwera mu February 2012 anaphatikiza Lusaka ndi Harare pa ulendo umodzi, ndipo a Qatar anacita comweco pamene anayamba mu August 2021.

Zimene zimatera pa Ndola ndi ndeke za msinkhu wapakati ndi zazing'ono. A Airlink amabwera kucokera ku Johannesburg ndi ndeke za Embraer. A Proflight amatilumikiza ndi Lusaka. A Ethiopian amabwera kucokera ku Addis Ababa, ndipo a Kenya Airways akhala akugawana ulendo wa Ndola ndi Lubumbashi kwa zaka zambiri, popeza mizinda iwiriyi ndi ya pa mtanda umodzi wa mkuwa ndipo pakati pake ndi mphindi zocepa cabe mumlengalenga. Amene akwera ndeke zimenezi, akafika ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, amasinthira m'ndeke zikuluzikulu. Conco zimphona timazikwera kale, kungoti timakazikwerera kwa eni ake. Injiniya wa ku Mufulira amene apita ku London kudzera ku Johannesburg angathe kudzipeza ali mu A380 usiku womwewo.

Ena akuti zinthu zisintha cifukwa migodi yayambanso kupuma. Pali coonadi pamenepa. Mu March 2024 kampani ya International Resources Holding ya ku Abu Dhabi inatenga magawo 51 pa 100 a Mopani ndi lonjezo la madola 1.1 biliyoni. A Vedanta anabwerera ku KCM caka comweco. A KoBold Metals ali pa Mingomba ku Chililabombwe, ndipo boma linaika colinga ca matani 3 miliyoni a mkuwa pa caka pofika mu 2031, kucokera pa matani oposa pang'ono 800,000 a mu 2024. Anthu a migodi ndi amene makampani a ndeke amawakonda: amagula tikiti mocedwa, pa mtengo uliwonse, ndipo amakhala kutsogolo. Koma bwana wa mgodi safuna bafa la mumlengalenga pakati pa Ndola ndi Johannesburg, ulendo wa maola awiri ndi theka. Afuna ndeke ya m'mawa ndi ya madzulo, kuti msonkhano ukatha asagone masiku awiri kuyembekeza. Makampani a ndeke adziwa zimenezi, ndiye cifukwa cake malonda akakula amaonjezera maulendo, osati msinkhu wa ndeke. Ndipo mkuwa weniweniwo suuluka. Umayenda pa mathiraki kupita ku Dar es Salaam, Durban, Walvis Bay ndi Beira, ukumba maenje m'miseu yathu popita.

Palinso gulu lina la apaulendo limene sitilimva m'malankhulidwe a akuluakulu, koma ndilo limadzaza mipando ya kumbuyo. Awa ndi azimai ndi azibambo a malonda a pa Chisokone ku Kitwe, a m'mashopu a pa Ndola ndi a ku Kasumbalesa, amene amapita ku Dubai ndi ku Guangzhou kukagula zobvala, nsapato, mafoni, tsitsi ndi zipangizo za galimoto. Kwa iwo ulemu wa m'ndeke suyesedwa ndi vinyo kapena kufewa kwa pilo. Uyesedwa ndi makilo. Tikiti wamba ya maulendo otere nthawi zambiri imalola zikwama ziwiri za makilo 23, pamene ya business class imalola ziwiri za makilo 32, ndipo kilo iliyonse yopitirira imalipiridwa mtengo wowawa. Apa ndi pamene ndeke yaikuru iri ndi phindu lenileni kwa ife, osati pamwamba koma m'mimba mwake, mmene mumalowa katundu. Mai amene wabwera ndi zikwama zisanu pa ndeke yaikuru mpaka ku Addis Ababa kapena ku Lusaka amadziwa nkhawa ya gawo lomaliza la ulendo, pamene ndeke yaing'ono ingathe kusiya katundu wina kuti adzabwere mawa. Ambiri amangotsikira ku Lusaka n'kukwera basi pa Intercity.

Ndipo tiope cinthu cimodzi pa mpikisano wa tizipinda uwu. Malo a m'ndeke saonjezeka. Kampani ikacotsa mizere ya mipando wamba kuti iike mabedi ndi ija ya pakati imene akuicha premium economy, mipando yochipa imacepa, ndipo cinthu cikacepa mtengo wake sutsika. Amalonda athu ndi ana athu a sukulu opita ku India, China ndi ku Ulaya ndi amene adzamva kuwawa kwake, ngakhale sadzaona konse mkati mwa tizipindato.

Conco ngati aphungu athu a ku Kitwe ndi Ndola afuna kukamba za bwaloli m'nyumba ya malamulo, mafunso oyenera alipo. N'cifukwa ciani tikiti ya Ndola ndi Lusaka, ulendo wosakwana ola limodzi, imadula kangapo konse kuposa basi? Mbali ina ndi mafuta a ndeke, amene amabwera pa mseu kucokera ku madoko akutali, popeza Indeni inaleka kuyenga ndipo paipi ya TAZAMA inasinthidwa mu 2023 kuti izinyamula dizilo. Mbali ina ndi misonkho ndi malipiro a pa bwalo amene amaunjikidwa pa tikiti iliyonse. Izi ndi zinthu zimene boma lingathe kugwirapo, ndipo liyenera kufulumira, cifukwa nchito ya mseu wa mbali ziwiri wa Lusaka ndi Ndola, wa makilomita 327, inayambika mu 2024. Ulendo wa pa galimoto ukafupika, ambiri amene amauluka lero cifukwa coopa mathiraki a pa Kapiri Mposhi adzayamba kuyendetsa okha. Bwalo lidzafunika kupeza anthu kwina: ku Dar es Salaam, ku Lubumbashi ndi Kolwezi, ku Solwezi, ku Lilongwe. Lero munthu wa ku Chipata wogwira nchito ku Kitwe akamva za maliro kwao, njira yake ikali ya tsiku lathunthu kapena kuposa.

Citsanzo cabwino ciri mu Africa momwe muno. Ethiopian Airlines inayamba kuuluka mu 1946 ndi ndeke zazing'ono zotsala ku nkhondo, ndipo inatenga zaka makumi ambiri ikumanga sukulu ya oyendetsa ndeke, magalaji ake, ndi maulendo afupiafupi osonkhanitsa anthu kucokera m'mizinda ngati yathu. Zimphona zabwera pambuyo pake: mu March 2024 anaitanitsa ma Boeing 777-9 asanu ndi atatu, oyamba mu Africa, ndipo mu November caka comweco analandira Airbus A350-1000 yao yoyamba. Naonso ali ndi mipando ya apamwamba imene amaicha Cloud Nine, ndipo mabwana a migodi yathu ndi ena mwa amene amaidzaza.

Ndi a Ethiopian omwewa amene anagwirizana ndi boma lathu kuutsa dzina la Zambia Airways, iwo atenga magawo 45 pa 100 ndipo kampani ya boma ya IDC 55. Pamene inayamba mu December 2021 ndi ndeke ya mapulopela ya Dash 8, ya mipando yosakwana 80, youluka pakati pa Lusaka, Ndola ndi Livingstone, ambiri amene akumbuka Nkwazi anagwedeza mitu n'kunena kuti tatsika. Ife tiona kuti msinkhu umenewo ndiwo unali woyenera poyambira. Cimene tifuna kumva kwa a IDC ndi a Zambia Airports Corporation, caka ndi caka ndi m'cinenero cimene munthu wa ku Wusakile angamve, ndi ici: ndi anthu angati anadutsa pa bwalo la Kapwepwe, ndi matani angati a katundu, ndipo pa madola 397 miliyoni aja tabwezapo zingati.